Mwana wanga wamkulu amagona m'makonde a masitolo m'tauni. Makolo anzanga, mumapirira bwanji?

Mayi wa ku Matawale

Moni nonse. Ndakhala ndikungowerenga za anzanga muno osalembapo kanthu, koma lero ndalimba mtima. Ndili ndi zaka 58, bambo a kunyumba anatisiya mu 2016. Ndimasoka pakhonde panga: mayunifolomu a ana a sukulu, kupinda zitenje, kubweza zovala za pa kaunjika.

Mwana wanga wachisamba ali ndi zaka 33 ndipo alibe pogona. Amagona m'makonde a masitolo cha ku depoti, pena pa mabenchi a mumsika mavenda akaweruka. Akafuna kusamba amatsikira ku Likangala. Amene mumayenda m'tauni ya Zomba mwina munamuonapo osadziwa kuti ali ndi mayi ake pa Matawale pomwepa.

Sanali chonchi. Fomu 4 anakhoza, koma malo ku Chanco sanapeze, ndiye anapita ku Joni. Malata ali pa nyumba yangayi anagula ndi iyeyo. Anabwerako mu 2020 pa mabasi aja a nthawi ya Covid, atanyamula kachikwama kamodzi, wosayankhulayankhula. Usiku tinkamumva akukangana ndi anthu oti kulibe. Fungo la chamba linayamba kumveka m'chipinda mwake. Amalume ake anathandiza kupita naye ku mental, anagonekedwa, ndipo anatulukako ali bwinobwino, atanenepa, mpaka ankandithandiza kudula nsalu ndi kusita. Kenako anasiya mapiritsi. Ankati akumuumitsa khosi, dovu likungotuluka ngakhale pa anthu, tulo tsiku lonse. Atasiya, zonse zinabwerera. Katundu anayamba kusowa m'nyumba: ayironi, wailesi, mapoto, mpaka mutu wa makina anga osokera, umene ndinachita kukawombola kwa munthu ku Mpondabwino. Usiku wina anaswa chitseko cha kuchipinda kwa mchemwali wake, mdzukulu wanga wa Sitandade 4 anakabisala kunsi kwa bedi. Amalume ake anagamula kuti asamagonenso m'nyumba yaikulu. Ndinamukonzera kanyumba ka kuseri, ndinazira, ndinaikamo mphasa ndi bulangete. Iye akuti m'makoma mwake muli anthu akumumvetsera, sangagonemo.

Ine ndine telala, maso anga amayeza munthu ngakhale ndisakufuna. Buluku lake ndinkasoka 34 m'chiuno. Sabata yatha ndinamuona ndili m'minibasi, wamanga buluku ndi chingwe cha thumba la feteleza, ndipo m'chiuno muja simungapitirire 28. Phazi limodzi silipasi, linalo lopanda kanthu, zidendene zong'aluka. Anandiona, anatembenukira kukhoma.

Mvula ikamagwa nsima siitsika pakhosi. Nthawi ya Freddy mu Malichi 2023 ndinayenda m'matope kumufunafuna mpaka ndinamupeza m'nyumba ina yosamaliza kumanga. Juni akafika, chisanu chikamatsika kuphiri kuja, ndimadzuka pakati pa usiku n'kukhala pa mkeka mpaka kucha. Ndikamva pa wailesi kuti apolisi apeza mtembo wa mwamuna wosadziwika, ndimatenga chitenje ulendo wa ku mochale. Ndimabwerako ndikuthokoza Mulungu kuti si iye, kwinaku ndikulirira mayi wa amene ndamuonayo.

Chimene chimandipweteka kuposa zonse ndi pakamwa pa anthu. Alipo amene akunena kuti ndinamukhwimira mwana wanga kuti bizinesi yosoka iziyenda. Ine amene nyumba yanga ilibe ndi siling'i yomwe. Ena amene ndimavala nawo yunifolomu ya Mvano anasiya kubweretsa nsalu zawo.

Ndiye ndikufunsa amene munadutsamo. Akabwera kudzapempha ndalama, ndizimupatsa? Ndikamukaniza ndimamva ngati ndamutaya, ndikamupatsa ndikudziwa kumene ikupita. Chitseko ndizitseka kapena ndizisiya? Nanga inuyo mumatani kuti muzidya, muzigona, muzigwira ntchito, mwana wanu ali panja?

Namwino wopuma, Domasi

Mayi, pepani kwambiri. Ndagwira ntchito ya unamwino mpaka kupuma, ndipo amayi onga inu ndakhala nawo pa benchi ambirimbiri.

Choyamba, za kukhwimazo zitayeni kutali. Kumva mawu a anthu oti palibe, kukayikira makoma, kusiya kudzisamalira, zonsezi ndi zizindikiro za matenda a maganizo, ndipo kawirikawiri amayamba munthu ali mnyamata, chakumapeto kwa sukulu mpaka zaka za m'ma 20 ndi 30. Chamba chimawakolezera. Dzina la matendawo anganene ndi dokotala amene wamuona, koma mfundo yaikulu mwainena kale nokha: atamwa mankhwala anachira mpaka kumadula nsalu. Ndiye kuti mankhwala amamugwira. Si odwala onse amene ali ndi mwayi umenewo.

Zimene ankadandaula zija sankanama. Mankhwala akale monga chlorpromazine, amene timangoti CPZ, ndi haloperidol amatha kuumitsa khosi ndi nsagwada, kunjenjemeretsa manja, kutulutsa dovu ndi kugonetsa. Mnyamata wa msinkhu wake sangalole kumayenda chowuma pamaso pa anzake, amangosiya osauza munthu. Koma zimenezi zili ndi pothawira. Adokotala amatha kuchepetsa mlingo, kusintha mtundu wa mankhwala, kapena kuwonjezera kapiritsi kotchedwa benzhexol, ena amati Artane, kochotsa kuumako. Palinso jakisoni wa pamwezi, fluphenazine kapena kuti Modecate, amene anapangidwira anthu ovutika kumwa mapiritsi tsiku ndi tsiku. Kwa munthu wogona panja, wopanda posungira mapiritsi, jakisoniyu ndi amene ndikanakafunsa poyamba.

Buku lake la kuchipatala lili kuti? Ngati lili kwa inu, lisungeni ngati ndalama. Mutha kupita nalo nokha, iye kulibe, kukaonana ndi anamwino a matenda a maganizo, n'kuwafotokozera zonse monga mwalembera muno, makamaka chifukwa chimene anasiyira mankhwala. Ife a ku Zomba tili ndi mwayi woti chipatala chachikulu cha boma cha matenda amenewa, Zomba Mental Hospital, chili pakhomo pathu. Anzathu amachita kuchokera ku Nsanje ndi ku Karonga. Ngati chamba chikhala vuto lalikulu, a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandizanso osiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, koma zimenezo n'zapatsogolo, ayambe wakhazikika kaye.

Tsiku limene wafika poopseza moyo wake kapena wa ena, musalimbane naye nokha ndipo musamumange zingwe kapena unyolo. Ndaonapo mabala a m'manja ndi m'miyendo amene anachedwa kupola kuposa matenda enieniwo, ndipo wodwalayo saiwala amene anamumanga. Pitani ku polisi, ku ofesi ya Victim Support, mukanene kuti ndi wodwala, mukufuna akuthandizeni kupita naye kuchipatala.

Kuwonda mwanenako kukundidetsa nkhawa. Ikhoza kukhala njala chabe, koma akafika m'manja mwa achipatala mukapemphe amuyeze TB ndi magazi omwe, makamaka ngati akutsokomola.

Bambo wa ku Chinamwali

Mayi, wanga ndi wa zaka 36. Iye samva mawu ayi, vuto lake ndi mowa. Anayamba ndi masacheti aja asanaletsedwe, pano ndi kachasu. Mkazi anamuthawa, kuntchito anamuchotsa, lendi inamukanika, kwathu anagulitsa mpaka mbewu ya chimanga. Abale ake awiri ali pa ntchito zabwino, onse ndinawalera mofanana, ndi chikwapu chimodzi, tchalitchi chimodzi. M'mimba ndi m'chipala, akuluakulu ananena.

Pa funso lanu la ndalama ndiyankha mosazungulira: ayi. Ndalama m'manja mwake isalowe, ngakhale K500. Koma kumukaniza ndalama si kumukaniza chakudya. Ine ndinagwirizana ndi mayi wina wophika chiimirire mumsika. Kutha kwa mwezi ndikalandira penshoni ndimawatumizira pa Mpamba, ndipo mwana wanga akafika amamupatsa nsima ndi ndiwo zimene zilipo, nyemba, usipa, masamba, kamodzi pa tsiku. Sangaigulitse chifukwa amadyera pomwepo. Phindu lina limene sindinaliganizire poyamba ndi lakuti mayiwo anasanduka maso anga. Akapanda kuoneka masiku awiri amandiimbira. Akabwera ndi bala amandiuza. Kuyambira pamenepo za ku mochale zija ndinasiya, chifukwa inenso ndinkapitako.

Za chitseko, kwathu lamulo ndi ili ndipo iye akulidziwa: masana, asanamwe, abwere. Asambe, adye, zovala zake zichapidwe, akhale pakhonde ticheze. Akabwera ataledzera geti silitsegulidwa. Mayi ake lamuloli anadana nalo, tinakhala osayankhulana bwino nthawi yaitali, ankamupatsira ndalama kuseri kwa bafa ine osaona. Anasiya okha ataona kuti tsiku lililonse limene amupatsa ndi limene akukamutola m'ngalande. Inu muli ndi mdzukulu m'nyumbamo, mwana amene anabisalapo kunsi kwa bedi. Amenenso uja ndi wanu. Kumuteteza iye si kumuda wamkuluyo.

Chitupa chake cha unzika ndimasunga ine, pamodzi ndi satifiketi yake ya MSCE. Za panja zimasowa, ndipo tsiku limene adzafune kuyambiranso adzazifuna.

Sindikunamizani kuti mtima unaleka kuwawa. Pa Khirisimasi ana onse akabwera ndi magalimoto awo, ine ndimawerenga mbale.

Mlongo mwa Ambuye

Mayi, zimenezi ndi mizimu yoipa, mwina anazitengera ku Joni komweko. Musataye nthawi ndi mapiritsi. Pitani naye kumapemphero akamusanjike manja, musale kudya masiku atatu, muona dzanja la Mulungu.

Namwino wopuma, Domasi

Achemwali, inenso ndimapemphera, ndipo mayiwa tiwapempherere ndithu. Koma mawu oti asataye nthawi ndi mapiritsi ndiwakana poyera, chifukwa muno mukuwerenga anthu ambiri. Odwala ochuluka amene ankabwereranso ku wodi atafooka anali oti wina anawauza kuti wachira, ataye mankhwala. Wa shuga kapena wa BP sitimuuza choncho. Apemphere, jakisoni abayitsenso.

Wakabaza wa pa Mpondabwino

Amayi, ine ndiyankha ngati mwana, chifukwa ndinagonako panja m'tauni momwemu. Changa chinali chamba ndi mowa bambo anga atamwalira, ndipo mutu unasokonekera ndithu mpaka ndinagonekedwa. Pano ndimayendetsa njinga ya abwana ena, ndili pa lendi ku Chikanda, mankhwala ndimamwabe.

Mwati anakuonani n'kutembenukira kukhoma. Musaganize kuti amakudani. Ine ndikawaona amayi anga akubwera ndinkathawira kuseri kwa mabasi. Ndinkadzimva fungo langa ndekha. Munthu ngakhale mutu utasokonekera, manyazi sachoka, ndipo amakula kwambiri pamaso pa amene anakubereka. Chimene chinkandithawitsa kwambiri ndi choti akandipeza ankayamba kulira pagulu, mavenda n'kuunjikana, kenako mafunso: ukundichititsa manyazi chifukwa chiyani, ubwera liti kunyumba. Tsiku lina anabwera ndi gulu la amayi a kutchalitchi kudzaimba pomwe ndinkagona. Ankafuna zabwino, koma ine ndinasamuka malowo usiku womwewo, ndipo anatha nthawi osadziwa komwe ndili.

Amene anandikoka ndi achemwali anga. Ankabwera okha, m'mawa kwambiri anthu asanachuluke, ndi tiyi m'botolo ndi mbatata yophika. Ankakhala pansi pa katoni yanga yomweyo, n'kumandiuza za kumudzi, mbuzi yabereka, uje wakwatiwa, Bullets yawina. Ankanditchula dzina langa lenileni. Panja paja dzina limasowa, aliyense amangoti wamisala, iwe, choka apa. Za kuchipatala sanazitchule kwa nthawi yaitali, ndipo atazitchula anati tiye ukaonetse bala la kuphazilo. Ndinavomera chifukwa bala linkandipwetekadi. Zinazo zinayambira pamenepo. Ndiye zidendene mwanenazo mwina ndi khomo lanu. Mutengereni Vaseline ndi masilipasi, muyambire pa phazi.

Za zofunda, musamugulire bulangete latsopano. Chatsopano panja sichigona, akuba usiku womwewo kapena agulitsa yekha, mwinanso amumenyera. Mupatseni jekete lakale lokhuthala, losaoneka bwino, loti azivala pathupi usana ndi usiku. Inu ndinu atelala, musokereni thumba lamkati. Chisanu chenicheni chimabwera cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, chimachokera pansi pa simenti, ndiye makatoni ndi matumba oyala pansi amathandiza kuposa chofunda pamwamba. Komanso dziwanani ndi alonda a masitolo a pamene amagonapo. Alonda ndi amene amadziwa zonse za usiku. Ena ndi ankhanza, koma ambiri amakulola kuwotha nawo moto ukawatungira madzi. Mlonda akadziwa kuti uyu ali ndi mayi ake, ndipo nambala yawo ndi iyi, amamuona mosiyana.

Zimene anena bambo a ku Chinamwali za chiimirire n'zoona, koma ndiwonjezere kuti mayi wophikayo asamamulalikire pomupatsa nsima. Akangoyamba kuti mayi ako akuvutika chifukwa cha iwe, sabweranso, alolera kukatola m'bini.

Pomaliza, mudziwe za malamulo. Vakabu ija ankatigwira nayo usiku inathetsedwa ndi khoti lalikulu mu Januwale 2017, pa mlandu wa Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo amene anamangidwa akupita ku msika wa Limbe m'bandakucha. Ndiye kungopezeka panja usiku si mlandu. Koma kupezeka ndi chamba ndi mlandu mpaka lero, lamulo la 2020 lija linangololeza cholima ndi chilolezo, cha mankhwala ndi cha m'mafakitale. Akadzasowa masiku angapo, yambani mwafunsa ku polisi musanapite ku mochale, ndipo mutenge buku lake la kuchipatala kuti aone kuti ndi wodwala. Zikafika ku khoti, a Legal Aid amathandiza osauka.

Abiti wa ku Songani

Anzanga onse akamba za mwanayo, ine ndikamba za inu, chifukwa funso lanu lomaliza lija silinayankhidwe.

Achimwene anga anakhala m'misewu zaka zambiri. Amayi athu anasiya kupita ku maukwati, ku zinkhoswe, ngakhale ku sadaka za abale, poopa mafunso. Ankadya pang'ono, tulo osagona, BP inakwera osaidziwa mpaka anafa ziwalo mbali imodzi. Anatisiya achimwenewo akadali moyo, ndipo ndi ife alongo amene tinatsala nawo. Ndiye ndikupemphani, kayezetseni BP sabata ino. Mukagwa inu, amene akudziwa kumene mwanayo amagona ndani?

China, katunduyu agawidwe. Amalume ake anagamula za pogona, chabwino, koma udindo wa eni mbumba suthera pa kugamula. Aitaneni pamodzi ndi mchemwali wake ndi abale a kuchimuna, mugawane: uyu za chakudya, uyu kuperekeza kuchipatala, uyu kukamuona Loweruka. Ife titayamba kutero, aliyense ankadziwa tsiku lake, ndipo masiku enawo ankagona tulo podziwa kuti lero wina wamuona.

Anthu onena za kukhwima musalimbane nawo, koma musabisalenso. Ife tinkabisa, ndipo kubisako ndi kumene kunkadyetsa miseche. Titayamba kunena poyera kuti achimwene akudwala matenda a maganizo, akulandira thandizo ku mental, ambiri anatseka pakamwa, ndipo amayi awiri a m'gulu lathu la banki m'khonde anabwera mwamseri kudzatiuza kuti nawonso ali ndi wotere kwawo. Sankhani mnzanu mmodzi wa Mvano amene mumamukhulupirira, mumuuze zonse. Ndipo nsima idyani. Mwana wanu sakhuta chifukwa inu mwagona ndi njala.

Mayi wa ku Matawale

Zikomo nonse, ndawerenga mobwereza, ena mwandiliza. Buku lake la kuchipatala ndalipeza m'sutikesi ya malemu bambo ake, ndipo Lolemba ndipita nalo ndekha kukafunsa za jakisoni uja. Sindinkadziwa kuti kuuma khosi kuli ndi mankhwala ake.

Achimwene a kabaza, dzulo ndinalawirira monga munanenera, ndekha, ndi tiyi ndi chinangwa. Ndinakhala pansi. Sanayankhule zambiri koma sanathawe, ndipo anafunsa ngati mango a kuseri kwa nyumba ayamba maluwa. Mlonda wa pamenepo ndi bambo wachikulire wa ku Jali, watenga nambala yanga. Jekete la bambo ake ndayamba kulisoka thumba lamkati.

Bambo a ku Chinamwali, za chiimirire ndazimva, ndikambirana ndi amalume ake kuti tizisonkherana, pandekha sindingakwanitse mwezi wonse. Za geti ndikuvutika nazobe. Wanga sabwera ataledzera, amabwera ali ndi mantha, nthawi zina pakati pa usiku, akugogoda pawindo langa kuti akumuthamangitsa. Pamenepo sindikuona kuti ndingagone chitsekere. Mwina ndizituluka ineyo n'kukhala naye pakhonde, ana ali mkati atakhoma.

Ndili ndi funso lina kwa amene muli ndi ana ang'ono pakhomo. Mdzukulu wanga anzake kusukulu akumamunena kuti amalume ako ndi amisala a ku depoti, ndipo wayamba kukana kudzera njira ya m'tauni. Amawaopa kuyambira usiku uja, koma ndi iwowo amene anamuphunzitsa kupalasa njinga ali bwino. Mwana wa zaka 10 mumamufotokozera bwanji matenda amenewa, ndipo n'koyenera kupita naye tsiku lina kukawaona, kapena ndidikire ayambe alandira mankhwala?